Uthenga wa Boma ndi wa Mishoni: Mawu kwa Amayi a pa Sikelo ya Ana ku Mua

Takulandirani ndi manja awiri, inu a konkuno ku Mua, inu amene mwachokera cha ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndiponso inu a m'midzi ya kunyanja amene mwalawira mbandakucha, mwana ali kumbuyo. Tidziwa kuti dzuwa la kuchigwa kuno silichedwa kutentha, ndi kuti kunyumba mwasiya ntchito. Tsono tisanayambe kukweza ana pa sikelo, tiloleni tikambirane nkhani imodzi. Lero sitikamba za phala kapena za kasambitsidwe ka mwana ai. Tikamba za funso limene amayi ambiri amanong'onezana pa mzere, koma amachita manyazi kulifunsa mokweza. Funso lake ndi ili: kodi ntchito ya sikeloyi njayani, ya Boma kapena ya Mishoni? Nanga uthenga umene timaumva m'mudzi, wakuti kukubwera katemera, wakuti chakuti nchaulere, chakuti ncholipira, umachokera kwa yani, ndipo tiukhulupirire bwanji?

Funso limeneli si lachibwana. Mayi amene wamva kuti ku chipatala cha Mishoni salandira munthu wopanda ndalama amagona ndi mwana wotentha thupi masiku awiri kapena atatu, kuyembekeza kuti bambo agulitse nsomba kapena nkhuku. Pofika kuno mwanayo magazi amuthera. Chimene chamuchedwetsa mayiyo ndi mawu amene adawamva pa chitsime, osawafunsitsa.

Tiyambe ndi zakale pang'ono. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, m'tsinde mwa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Masiku amenewo munthu wodwala kuno adalibe chipatala cha Boma choti nkuthawirako. Ansembe ndi masisitere adayamba kutsuka zilonda ndi kupereka mankhwala ochepa amene adali nawo, ndipo m'chaka cha 1927 adatsegula malo osungirako odwala khate. Agogo anu akukumbukira mmene anthu ankaopera nthenda imeneyi, ndi mmene wodwala ankamupatulira mbale yake. Pambuyo pake Boma lidagwirizana ndi amishoni ndiponso bungwe la LEPRA, nayamba kufunafuna odwala m'midzi ndi kuwapatsa mankhwala ali kwawo. Pofika chaka cha 1994 khate lidachepa kwambiri m'Malawi, kotero kuti silidawerengedwenso ngati mliri, ngakhale kuti mpaka lero limapezekabe mwa apo ndi apo, ndipo banga la pakhungu losamva kukhudza liyenera kuonetsedwa ku chipatala. Ntchito imeneyo Boma palokha silikadaitha, amishoni paokha sakadaithanso. Akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Zipatala za mipingo yosiyanasiyana zidapangana m'chaka cha 1966 kuti zikhale ndi bungwe limodzi loziyankhulira kwa Boma. Bungwe limenelo ndilo lero litchedwa Christian Health Association of Malawi, mwachidule CHAM. Eni ake ndi maepiskopi a Mpingo wa Katolika pamodzi ndi bungwe la Malawi Council of Churches. Chipatala cha Mua, chimene chili m'manja mwa Dayosizi ya Dedza, ndi chimodzi mwa zipatala za bungwe limeneli. Mwa chithandizo chonse cha kuchipatala chimene anthu amalandira m'dziko muno, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limachokera ku zipatala za mipingo, ndipo zambiri mwa izo zili kumidzi, kutali ndi maboma.

Tsono mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Nyumba nza mpingo, ndipo mpingo ndiwo umaziyang'anira. Koma malipiro a anamwino ndi antchito ena ambiri a m'zipatala za CHAM amachokera ku Boma, monga mwa chipangano chimene mbali ziwirizi zidasaina m'chaka cha 2002. Katemera amene mwana wanu alandire lero sadagulidwe ndi Mishoni kwina kwake. Adachokera ku nkhokwe za Unduna wa Zaumoyo, nadzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Dedza, natsika mapiri ali m'bokosi lozizira, mpaka kulowa m'firiji ya kuno. Ndi katemera yemweyo amene akubayidwa ku chipatala chachikulu cha ku Dedza, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Buku la mwana limene muli nalo m'manjamo nalonso ndi limodzi m'dziko lonse. Mukasamukira ku Salima kapena ku Balaka, mukapita nalo ku sikelo iliyonse, adzalilandira ndi kupitiriza pamene ife talekezera.

Nanga za ndalama? Zipatala za mipingo zimalipiritsa pa zinthu zina, pakuti ziyenera kugula mankhwala, kukonza nyumba ndi kuthira mafuta m'galimoto. Zimenezi sitikubisirani. Koma katemera wa ana ngwaulere, kaya ku chipatala cha Boma kaya ku cha Mishoni. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi mankhwala otalikitsa moyo nawonso salipiritsa. Ndipo kuyambira chaka cha 2006 Boma lakhala likupangana ndi zipatala zambiri za mipingo, chilichonse pachokha, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, Boma nkumabweza ndalamazo pambuyo pake. Chipangano chotere chimalembedwa pakati pa chipatalacho ndi ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo. Chimatchula matenda ndi anthu amene akulowamo, chili ndi nthawi yake, ndipo chimakonzedwanso. Nchifukwa chake zimene mnzanu adapeza pamene ankabereka zaka zisanu zapitazo sizingakhale zimene mupeze inu chaka chino. Iye sakunama ai, akunena zakale. Inu funsani anamwino lero lomwe, mwana akadali bwino, kuti mudziwe chimene nchaulere ndi chimene ncholipira. Safunsa adadya phula. Ndipo ngakhale mulibe kanthu m'thumba, mwana akadwala kwambiri bwerani nayeni. Za ndalama tikambirana mwanayo atathandizidwa.

Tibwere tsono ku njira zimene uthenga umadzera kuti ukupezeni.

Woyamba ndi mlangizi wa zaumoyo, uja wa malaya a mtundu wa mtambo amene amayenda pa njinga m'midzi mwanu. Iye ndi wantchito wa Boma, ngakhale kuti nthawi zina mumamuona akutenga katemera pa chipatala cha Mishoni ndi kukhala pa tebulo limodzi ndi anamwino a kuno. Ntchito yakeyi idachokera kutali. M'zaka za m'ma 1960 kudali anthu oyenda m'midzi kutemera nthomba, nthenda imene idalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse lapansi m'chaka cha 1980. Kolera atalowa m'Malawi m'chaka cha 1973, Boma lidalemba anthu ena oti azilangiza za zimbudzi ndi madzi akumwa. Alangizi a lero ndi olowa m'malo mwa anthu amenewo. Cholinga cha Boma nchakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale kuti m'madera ambiri mmodzi amasenza ochuluka kuposa apo. Kuyambira chaka cha 2008 alangizi ena a m'midzi yakutali adaphunzitsidwa kukhala ndi kachipatala ka m'mudzi, kumene amathandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Ngati m'dera lanu muli kachipatala kotere, dziwani masiku amene amatsegula. Ngati simudziwa dzina la mlangizi wa m'mudzi mwanu, musachoke pano lero musanalifunse.

Mlangizi sangagogode pa khomo lililonse yekha. Amadalira komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi amayi odzipereka amene amayendera mabanja oyandikana nawo kukamba za kuyamwitsa, za magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi za kugona m'masikito. Anthu amenewa salandira malipiro. Ena adaphunzitsidwa ndi Boma, ena ndi mpingo, ena ndi mabungwe omwe si a Boma, koma uphungu wawo uyenera kukhala umodzi, pakuti onse amatunga pa chitsime chimodzi, ndicho Unduna wa Zaumoyo. Pali chizolowezi china chosakondweretsa chimene tiyenera kuchitchula. Mayi wodzipereka akafika pa khomo, eni khomo amayamba kufunsa kuti watibweretseranji, ndipo akaona kuti alibe sopo kapena ufa wa phala, amamusiya ali chiimire napita kumunda. Amayi, mnzanuyo wasiyanso khasu lake kuti abwere kwa inu. Muyalireni mphasa.

Njira ina ndi mafumu. Kalata yonena za katemera wa khomo ndi khomo kapena za kugawa masikito imafika kwa Inkosi Kachindamoto, nitsikira kwa magulupu ndi kwa anyakwawa, kufikira mnyamata wofuula madzulo m'mudzi. Dera lino lidaona kale mphamvu ya mawu a mfumu. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adalongedwa ufumu m'chaka cha 2003, adathetsa maukwati ambiri a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, mothandizana ndi magulu a amayi, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, ndipo mbiri yake idamveka mpaka kunja kwa dziko lino. Nkhani imeneyo imatikhudza ife a sikelo, pakuti mtsikana wobereka asanakhwime ndiye amavutika pochira, ndipo khanda lake kawirikawiri limabadwa lochepa thupi.

Palinso zolengeza za ku tchalitchi Lamulungu kapena Lasabata, ndi za ku mzikiti Lachisanu. Pano tinenepo mawu amodzi momveka. Chipatala cha Mishoni sichifunsa kuti mumapemphera kuti. Mkatolika, Msilamu, wa CCAP, wa mpingo wina uliwonse, ndi iye amene amatsata miyambo ya makolo, onse amaima pa mzere umodzi, ndipo mwana woyamba kuonedwa ndi amene wadwalitsitsa.

Wailesi mumaidziwa: MBC, Radio Maria ya ku Mangochi, ndi mawailesi ena a m'madera. Koma pali njira ina imene amayi ambiri sadaiyesebe, ndiyo Chipatala cha pa Foni. Ntchito imeneyi idayambira kwa anansi athu a ku Balaka m'chaka cha 2011. Idayambitsidwa ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo poyamba inkathandiza amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono okha. Itaoneka kuti njothandiza idafalikira m'dziko lonse, ndipo Unduna udaitenga m'manja mwake. Mumaimba osalipira, ndipo amene amayankha ndi munthu wophunzira za chipatala, woyankhula Chichewa. Iye sangamuyeze mwana magazi, sangamubayenso jakisoni, koma angathe kukuuzani ngati chimene mukuonacho nchoyembekezera mawa kapena nchonyamuka nthawi yomweyo. Alangizi akuuzani nambala yake. Ilembeni pa chikuto cha buku la mwana.

Njira zonsezi nzabwino, koma uthenga uli ngati madzi a mumtsuko: ukadutsa m'manja ambiri, ena amatayika ndipo zinyalala zimagweramo. Namwino anena kuti mwana wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki, ndipo apitirize kuyamwa. Pofika kumudzi wachitatu mawu aja asanduka akuti mwana wotsegula asayamwe. Mlangizi anena kuti katemera wina amatenthetsa thupi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimenezo si zoopsa. Pofika kumsika asanduka akuti katemera amadwalitsa ana. Masiku ano mafoni afulumizitsa mabodza otere, pakuti mawu ojambulidwa ndi munthu wosadziwika amayenda pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg kufika ku Golomoti dzuwa lisanalowe.

Kumbukirani za chaka cha 2022. M'mwezi wa Febuluwale Boma lidalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda yopuwalitsa ziwalo imene idali isadaoneke m'Malawi kuyambira chaka cha 1992. Akatswiri atakayeza kachilomboko adapeza kuti nkofanana ndi ka ku Pakistan. Taonani kutalika kwa ulendo wake! Kuyambira mwezi wa Malichi chaka chomwecho, alangizi, anamwino a Boma ndi a Mishoni ndiponso anthu odzipereka adayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera pakamwa, maulendo angapo. Makolo ambiri adawalandira. Koma ena adabisa ana kuchipinda, chifukwa adamva kuti umenewu ndi katemera wa Covid-19 wobisika, kapena kuti mwanayo sadzabereka akadzakula. Adali mabodza okhaokha. Madontho amenewo ndi omwe aja amene inu eni mudalandira muli makanda, ndipo lero si inu muli ndi ana kumbuyo?

M'mwezi womwewo wa Malichi 2022 kudabukanso kolera, amene adapitirira mpaka chaka cha 2023 nafika m'maboma onse, napha anthu oposa 1,700. Mliri wa kolera waukulu chotere udali usadaonekepo m'dziko muno, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja adavutika kwambiri. Pamenepo padaoneka kuti mudzi umene udamva msanga za kuthira klorini m'madzi, kusamba m'manja ndi sopo ndi kuthamangira ku chipatala, udapulumutsa anthu ake. Kolera angathe kupha munthu wamkulu tsiku limodzi lisanathe, nanji mwana.

Tsono mungadziwe bwanji uthenga woona? Uthenga woona uli ndi mwini wake. Wokuuzaniyo angathe kutchula kumene wautenga, ndipo mukafunsa mlangizi, namwino ndi anyakwawa, onse atatu anena chimodzimodzi. Uthenga wabodza umayamba ndi mawu akuti akuti, ndipo mukafunsa kuti akutero ndani, palibe woyankha. Mukamva zotere musakangane naye mnzanuyo, musazifalitsenso. Sungani funsolo, mubwere nalo kuno. Chenjeraninso ndi munthu aliyense wofika m'mudzi nanena kuti watumidwa ndi Boma kapena ndi bungwe lakutilakuti, nafuna ndalama kuti akulembeni m'kaundula wolandira masikito kapena chiponde. Zinthu zimenezi sagulitsa, ndipo bungwe loona limayamba laonekera kwa mfumu ndi kwa mlangizi lisanasonkhanitse anthu.

Pali nkhani imodzi imene Boma ndi Mpingo wa Katolika amasiyana, ndipo nkwabwino kuti muimve kwa ife kusiyana ndi kuimva pa mphekesera. Nkhani yake ndi ya kulera. Onse awiri amavomereza kuti kubereka pafupipafupi kumafooketsa mayi ndi kulanda mwana bere nthawi isanakwane. Koma zipatala za Katolika, potsata chiphunzitso cha mpingo wawo, zimaphunzitsa njira zachilengedwe zokha. Mayi wofuna jakisoni, mapiritsi kapena njira ya pamkono amazipeza ku zipatala za Boma, kwa alangizi ena a zaumoyo, kapena kwa a Banja La Mtsogolo, bungwe limene lidayamba ntchito yake m'chaka cha 1987. Kusiyana kumeneku si udani, ndipo palibe amene adzakubwezeni pa sikelo ya ana chifukwa cha njira imene inu ndi bambo a kunyumba mwasankha.

Uthenga suyenera kumangotsika kuchokera kumwamba. Uyeneranso kukwera kuchokera kwa inu. Ife tili pano sitingadziwe kuti mjigo wa m'mudzi mwanu wawonongeka ndipo mukumwa madzi a mumtsinje, kapena kuti ana atatu a mbumba imodzi atuluka zidzolo za chikuku, kapena kuti anyamata osambira kunyanja akukodza magazi, kumene kuli likodzo. Mukauza mlangizi, iye amalemba, lipoti lake limafika ku ofesi ya ku Dedza, ndipo thandizo limatsika. Chimodzimodzinso ngati mwalandiridwa mwachipongwe, kapena mwalipiritsidwa pa chinthu chimene mudamva kuti nchaulere. Pa zipatala pali komiti ya anthu osankhidwa m'midzi yozungulira, imene ntchito yake ndi kumva madandaulo otere ndi kukawatula kwa akuluakulu. Kudandaulira pa mtondo kumapepuza mtima, koma sikukonza kanthu. Ndipo choipitsitsa ndi kukwiya nkuleka kubwera ku sikelo, pakuti wolangidwa pamenepo ndi mwana, amene sadalakwe.

Tsopano tsegulani mabuku a ana anu, tione limodzi. Mwana akangobadwa amalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo. Amabweranso atakwana masabata 6, masabata 10 ndi masabata 14, kudzalandira katemera womuteteza ku kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo, kutsegula m'mimba ndi matenda ena. Pa miyezi 9 amalandira wa chikuku, ndipo kuyambira chaka cha 2023 padawonjezedwa wa tayifodi. Pa miyezi 15 pali wachiwiri wa chikuku. Ameneyu ndiye amaiwalika kwambiri, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amayesa kuti sikelo yatha, makamaka ngati ali ndi pakati pena. Sikelo imatha mwana akakwanitsa zaka zisanu. Kuyambira miyezi 6 amalandiranso vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo akakwanitsa chaka amayamba kumwa mankhwala a njoka za m'mimba. Ngati mudadumpha tsiku chifukwa cha maliro, cha mvula kapena cha mtsinje wodzaza, musaope kukalipiridwa. Katemera sayambiranso pachiyambi. Timapitiriza pamene adalekera.

Ndipo pali zizindikiro zimene sizifuna kufunsa kwa wina aliyense, ngakhale pa foni: mwana akakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akalefuka kotero kuti sadzuka, akamapuma mobanika nthiti zikulowa m'kati, kapena akatupa mapazi onse awiri. Pamenepo pitani ku chipatala chimene chili pafupi, cha Boma kapena cha Mishoni, usana kapena usiku. Ngati matenda aposa mphamvu zawo, iwo ndiwo adzalemba kalata yomutumiza kwina. Msewu wokwera mapiri kupita ku Dedza mumaudziwa kutalika ndi kukhotakhota kwake. Nkwabwino kuti mwana aukwere atalandira kale thandizo loyamba. Zimenezi mukawafotokozerenso abambo ndi apongozi, chifukwa m'mabanja ambiri mayi sanyamuka usiku popanda mawu awo, ndipo njinga ili m'manja mwawo.

Yang'anani pa mzere wanu. Ngati pali mnzanu wa m'mudzi mwanu amene ali ndi mwana wosakwana zaka zisanu koma lero sadabwere, mukamuone madzulo ano, mumuuze tsiku la sikelo ya mwezi wamawa, ndipo mudzadzerane. Amene muli ndi mafunso a ndalama kapena a kulera, anamwino akhala pa khonde sikelo ikatha, mukambe nawo panokha. Tsopano amene ana awo akutentha thupi kapena akutsegula m'mimba abwere kutsogolo. Ena nonse vulani ana malaya olemera, mabuku akhale m'manja, tiyambe kukweza.